A Shufflebottom Akutha ku Mangalande

Ku Mangalande kuli mabanja amene akutha mwakachetechete, popanda mliri, popanda nkhondo, ngakhale uthenga wa maliro pa wailesi osamveka. Mu 2009 Pulofesa Richard Webber wa ku King's College London anatenga kalembera wa chaka cha 1881 n'kumufananiza ndi mayina a anthu a mu 2008. Zimene anapeza zinaseketsa dziko lonse kupatula eni nkhani. A Shufflebottom anali atachepa ndi 40 pa 100 alionse, a Gotobed ndi 42, a Daft ndi 51. A Death, amene dzina lawo ndi Imfa yeniyeniyo, analipo 1,133 mu 1881 koma anatsala 605 okha. Imfa ikuchepa kwa azungu, abale, pamene anthu ena onse m'dzikomo achuluka pafupifupi kuwirikiza kawiri.

Anthuwa sanafe ayi. Ena anakwera sitima zapamadzi kukayambira moyo kumaiko kumene sakuwadziwa. Ena anangodzuka tsiku lina, kusaina chikalata pamaso pa mboni, n'kubwerera kunyumba ali ndi dzina latsopano, agogo awo osawatsanzika n'komwe.

* * *

Mlandu wa a Shufflebottom ndi woti m'makutu a Mngerezi wa lero dzinali limamveka ngati Khwekhwerezamatako. Ndiye taganizani mwana wa zaka 6, tsiku loyamba kusukulu, yunifolomu yatsopano, tsitsi lopesa bwino, aphunzitsi akuitana mayina. Afika pa S. Akhosomola kaye. Ayang'ananso pepala. Kuyambira m'mawa umenewo mpaka tsiku lopuma pa ntchito, munthuyu akatchula dzina lake pa foni kumakhala zii mbali inayo, kenaka mawu aulemu wosefukira: "Pepani bwana, mungabwerezenso?" Sikuti sanamve. Akufuna mnzake wa pa desiki yoyandikana amve nawo.

Chonsecho dzinali linabadwa lopanda tchimo. Kufupi ndi tauni ya Bury, m'dera limene kale linali mbali ya Lancashire kumpoto kwa Mangalande, kuli kamalo kotchedwa Shipperbottom. M'Chingerezi chamakedzana amenewa ndi mawu atatu olumikiza: nkhosa, kasupe ndi chigwa. Chigwa cha kasupe wa nkhosa, basi. Dziko la kumeneko ndi la zitunda ndi zigwa, la mvula yosakata ndi nkhosa zosawerengeka, ndipo mawu akuti "bottom" ankatanthauza pansi pa chigwa pamene pamadutsa mtsinje. Tanthauzo la matako linadzafika mochedwa, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Kwa zaka mazanamazana banja linkalowa m'tchalitchi ndi dzina lake mopanda manyazi. Kenaka chilankhulo chinawatembenukira, iwo osalakwa kanthu.

Nanga nkhosa zija zinasanduka bwanji kukhwekhwereza? Apo ndiye funsani alembi. Mu 1538 Thomas Cromwell, nduna ya Mfumu Henry VIII, analamula kuti tchalitchi chilichonse chizilemba m'buku ubatizo, maukwati ndi maliro. Anthu ambiri sankadziwa kulemba, ndiye abusa ankalemba zimene khutu lawapatsa. Ine ndimaziona motere.

"Dzina la mwana?"

"William, abusa."

"La bambo ake?"

Mlimi uja mano akutsogolo anatha kalekale, chimfine chatseka mphuno. "Shifa... bo'm."

Abusa khutu limodzi linagontha, komanso nthawi ya nkhomaliro yakwana. "Chabwino, mwana wanga." Nthenga m'inki, kwe kwe kwe, buku phaa.

N'chifukwa chake m'mabuku muli a Shipperbottom, a Shufflebottom, a Shufflebotham, a Shovelbottom amene akumveka ngati kunsi kwa fosholo, ndi a Shoebottom amene anasanduka kuphazi kwa nsapato. Onsewa ndi ana a chigwa chimodzi, anangobatizidwa ndi abusa osiyana makutu.

* * *

Musaganize kuti Angerezi analengedwa ndi mayina a banja. Asanabwere a Norman ochokera ku France mu 1066, munthu wamba anali ndi dzina limodzi n'kukwana. Mabwana atsopanowo ndiwo anayamba kusiyira ana dzina ngati chuma chamasiye, ndipo pofika cha m'ma 1400 mabanja ambiri anali atatengera. China chimene chinathandiza kukhazikitsa mayinawa m'mabuku ndi msonkho. Mu 1377 boma linalamula kuti aliyense wopitirira zaka 14 apereke mapeni 4. Vuto linali loti amuna a nthawi imeneyo ankangobwerekana mayina omweomwewo: John, William, Thomas, Richard, Robert.

Wokhometsa msonkho wafika pamudzi, buku lili kukhwapa.

"John ali kuti?"

Theka la mudzi laimirira.

"Amene sanalipire ndi uti?"

Onse akhala pansi.

Ndiye mlembi ankafunsa anansi, ndipo anansi, monga mukuwadziwira, sankasowa yankho. Uyo ndi John wosula zitsulo, lembani Smith. Uyo ndi wofolera nyumba ndi udzu, lembani Thatcher. Uyo ndi wa kuchigwa kwa nkhosa. Nanga uyo akuyasamulayo? Uyo ndi John Kagone.

Msonkho anaubwereza mu 1379 ndi mu 1381, mpaka anthu anakwiya naukira motsogozedwa ndi Wat Tyler, amene dzina lake likutanthauza wofolera ndi matailosi. Analowa mu London, nagwira msungichuma wa mfumu, Robert Hales, n'kumudula mutu. Msonkho unathera pomwepo, mayina anatsala.

* * *

John Kagone si wopeka. Anansi anali atayamba kale ntchito yawo msonkho uja usanabwere, moti zolemba za ku Barnwell, ku Cambridge, za chaka cha 1269 zili ndi munthu wotchedwa John Gotobedde. Akatswiri ena amati anali mlesi wokonda tulo. Ena amamuikira kumbuyo, amati bedi linali chinthu chosowa masiku amenewo, ndiye mwina mkuluyu anali nalo ndipo pamudzi sipankamwedwa madzi ndi kudzitama kwake. Mulimonsemo, munthu anagona tulo take zaka 750 zapitazo, zidzukulu zikulipirabe.

Dzina lina la anansi ndi Drinkwater, Imwamadzi. Kale kumeneko mowa wopepuka unali chakumwa cha tsiku ndi tsiku, antchito akumunda ankapatsidwa ngati gawo la malipiro. Munthu womwa madzi anali wodabwitsa: kaya wosaukitsitsa, kaya woumira. Koma odziwa za mayina amati nthawi zina linali dzina lonyogodola, lopatsa chidakwa chotheratu kapena mwini malo omwera.

Okonda mpira mukumukumbuka Danny Drinkwater, amene anatenga ligi ndi Leicester City mu 2016, Chelsea n'kumugula mu 2017 ndi mapaundi pafupifupi 35 miliyoni, kenaka n'kumusunga pa benchi ngati mbale za alendo. Mu April 2019 anachita ngozi ya galimoto ku Cheshire, ndipo khoti linamuletsa kuyendetsa kwa miyezi 20 chifukwa anali ataledzera. Wapolisi amene anatenga laisensi usiku umenewo ayenera kuti anaiwerenga kawiri. Malangizo onse anali atalembedwa kale pamenepo, pa mzere wa dzina.

A Daft nkhani yawo ndi yaifupi. Lero mawuwa ndi chitsiru, koma pamene dzinali linkaperekedwa ankatanthauza munthu wofatsa ndi wodzichepetsa. Zikuoneka kuti Angerezi anayang'anitsitsa anthu ofatsa kwa zaka zambiri n'kufika pa chigamulo chawo.

* * *

Tibwerere kuzigwa, chifukwa a Shufflebottom sali okha. Ali ndi asuweni: a Ramsbottom, a Winterbottom, a Sidebottom, a Longbottom, a Higginbottom, pafupifupi onse ochokera ku Lancashire, Yorkshire ndi Cheshire. Ine ndili mbali ya awa, amene anakana kuthawa.

Tiyambe ndi John Ramsbottom, amene anabadwa mu 1814 ku Todmorden. Dzina lake lero limamveka ngati mbuyo ya nkhosa yamphongo, chonsecho ndi dzina la tauni ya Ramsbottom, chigwa cha adyo wakutchire, kapena malinga ndi ena chigwa cha nkhosa yamphongo. Mkuluyu anali injiniya wa sitima zapamtunda ku kampani ya London and North Western Railway. Mu 1852 anapanga kamkombero kachitsulo kodula mbali imodzi, kamene kamavekedwa pa pisitoni n'kumadzikankhira kokha kukhoma la silinda kuti mphamvu isathawe. Amenewa ndi maring'i omwe aja. Minibasi ikamakwera chitunda ikufuka utsi wabuluu, kondakitala akuthira oyilo pa siteji iliyonse, makaniko n'kupukusa mutu kuti "bwana, maring'i anatha", dziwani kuti akulira maliro a ntchito ya a Ramsbottom. Anatulukiranso njira yoti sitima izitunga madzi m'ngalande ya pakati pa njanji ili pa liwiro, osaima. Akanakhala wamanyazi n'kusintha dzina, bwenzi ulemu wonsewu utagwera a Smith, amene ali nawo kale wambiri.

Tauni ya Ramsbottom nayo ilibe manyazi. Chaka chilichonse mu September kumachitika mpikisano wa dziko lonse woponya soseji ya magazi a nkhumba. Amamanga nsanja yotalika mamita pafupifupi 6, pamwamba n'kuunjikapo timikate ta ku Yorkshire, dera loyandikana nalo limene amapikisana nalo chiyambire kalekale. Aliyense amaponya katatu, dzanja likuchokera pansi, ndipo wogwetsa timikate tambiri ndiye katswiri wa dziko lonse lapansi. Nthano yawo imati pa nkhondo yakale ya mabanja achifumu a Lancaster ndi York zida zinatha, asilikali n'kuyamba kugendana ndi chakudya. Amenewa ndi anthu amene anatibweretsera sukulu.

Walter Winterbottom, wa chigwa cha nyengo yozizira, anali mphunzitsi woyamba wa timu ya mpira ya England, kuyambira 1946 mpaka 1962. Ntchito yake inali yodabwitsa: iye ankaphunzitsa, koma osewera ankasankhidwa ndi komiti ya akuluakulu a masuti. Mu 1950, pa World Cup ya ku Brazil, anagonja 1-0 ndi United States, timu imene goloboyi wake ankayendetsa galimoto ya maliro ndipo wogoletsa chigoli, Joe Gaetjens, ankatsuka mbale mu lesitilanti. Mu 1953 Hungary inawathira 6-3 pakhomo pawo pa Wembley. Anapita ku Budapest chaka chotsatira kukabwezera, nabwerako ndi 7-1. Dzina lolemera chotere, zigoli zolemera chotere, munthu n'kukhalabe pa ntchito zaka 16, pambuyo pake n'kupatsidwa ulemu wa Sir. Khungu lolimba analiphunzira kusukulu, pa kuitana mayina kuja.

A Sidebottom ndi a chigwa chotambalala cha ku Cheshire. Arnie Sidebottom anasewera kumbuyo ku Manchester United, ndipo analipo pamene timuyi inatuluka mu ligi yaikulu mu 1974. Otsatira United musakwiye, munthu anangoitengera timu kwawo kuchigwa. Anasiya mpira n'kutchuka pa kiriketi, ndipo mwana wake Ryan, wa tsitsi lalitali lopotanapotana, anatenga nawo chikho cha dziko lonse cha kiriketi yaifupi ndi England mu 2010, dzina lonse lili pamsana pa jezi, chilembo chilichonse.

* * *

Pali ena amene safuna kuthawa koma safunanso kuima poyera. Amenewa amalipaka dzina mafuta. A Sidebotham ena amakuuza mokweza mphuno kuti dzina lawo amalitchula Sidibotamu. A Death amaika kachizindikiro pakati n'kukhala a De'Ath, ndipo amati makolo awo anachokera ku tauni ya Ath ku Belgium. Kwa ena ndi zoona. Kwa ena agogo awo anangosewera gawo la Imfa m'masewero a tchalitchi a nthawi yakale, nasewera bwino kwambiri moti mudzi sunaiwale. A Onions, Anyezi, ena amati ndi Onayonzi.

Graham Onions sanavutike ndi zimenezo. Ankaponya mpira wa kiriketi ku timu ya Durham, ndipo wowakha kumbuyo kwa timitengo anali Phil Mustard, dzina la kachiwawitsa kamene azungu amapaka pa nyama. Mdani akatuluka, olemba zigoli ankalemba kuti wawakhidwa ndi Mustard, woponya Onions. Chinkasowa m'timu imeneyo ndi nyama yokha.

* * *

Mfumu ya othawa onse ndi Joshua Bug. Mu June 1862 nyuzipepala ya The Times inatulutsa chilengezo chonena kuti munthu wa dzina limeneli, mwini malo omwera a Swan ku Wakefield, wasiya dzina lake. Ndi zomveka, pakuti Bug ndi nsikidzi, ndipo palibe mlendo angafune kugona kwa a Nsikidzi. Koma posankha latsopano sanadziletse. Anasankha Norfolk Howard. Banja la Howard ndilo la ma Duke a ku Norfolk, olemekezeka oposa ma Duke ena onse a ku Mangalande kupatula a banja lachifumu. Munthu wachoka m'ming'alu ya bedi ulendo umodzi mpaka kunyumba ya ufumu.

Anthu a ku London sanachedwe. Kuyambira pamenepo nsikidzi anayamba kuzitcha ma Norfolk Howard, ndipo mawuwa analowa m'mabuku otanthauzira mawu. Mlendo ankadzuka m'nyumba ya alendo akudzikanda n'kudandaula kuti a Norfolk Howard sanamugonetse. Mkulu uja anathawa nsikidzi, nsikidzi n'kumutsatira n'kukwezedwa nazo pa udindo.

Winanso anathawa molakwika nthawi. Mu 1487 ku Merton College, ku Oxford, kunali wophunzira wotchedwa Hugh Shakspere, Gwedezamkondo, amene anasintha dzina n'kukhala Saunders chifukwa lakelo linkaonedwa lonyozeka. Pasanathe zaka 80, mu 1564, ku Stratford kunabadwa William Shakespeare, amene mpaka lero akusowetsa tulo ana athu a Fomu 4. Za a Saunders aja palibe anafunsidwapo pa mayeso.

Ngakhale kunyumba yachifumu kunachitika zomwezo. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse banja lachifumu linkatchedwa Saxe-Coburg and Gotha, dzina la ku Germany, ndipo ndege za Germany zimene zinkaponya mabomba pa London zinkatchedwanso Gotha. N'zovuta kulimbitsa mtima anthu ako pamene dzina lako likuuluka pamwamba pa madenga awo. Pa 17 July 1917 Mfumu George V inalengeza kuti banjali tsopano ndi la Windsor, dzina la nyumba yawo yachifumu. Asuweni awo a Battenberg anangotembenuza lawo n'kukhala Mountbatten. Palibe nsikidzi inatchedwa Windsor.

* * *

Osauka amasintha dzina. Olemera amangolimeza. Banja la Cholmondeley, la ku Cheshire, limalemba zilembo 12 koma limatchula Chamuli. A Featherstonehaugh, a ku Northumberland, amalemba zilembo 17, koma ena mwa iwo amangoti Fansho. Zilembo zinazo ndi alonda a pageti: ukalitchula mmene lalembedwera, adziwa kuti sunaitanidwe.

Ndipo ntchito ya mkulu wa banja la Cholmondeley pa nthawi ya Mfumukazi Elizabeth II inali yotani? Pa mwambo wotsegulira nyumba ya malamulo, iye ankatsogolera Mfumukazi atanyamula ndodo yoyera, kwa zaka zambiri akuyenda chafutambuyo kuti asaifulatire. Munthu wamkulu, wa minda ndi nyumba zikuluzikulu, akubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono pa kapeti, dziko lonse likuonera pa kanema. Ngati pali banja loyenera dzina la Khwekhwereza, si la ku chigwa cha nkhosa lija.

* * *

Thomas Crapper ndiye anachita zosiyana ndi onse. Dzina lake ndi katchulidwe kena ka Cropper, wodula kapena wokolola, koma m'Chingerezi cha mumsewu limakhudza zimene munthu amasiya kuchimbudzi. Mnyamata wa ku Yorkshire ameneyu anapita ku London, naphunzira za mapaipi, ndipo mu 1861 anatsegula kampani yake ku Chelsea. Anasankha kugulitsa chiyani? Zimbudzi zamadzi. Analemba dzina lake ndi zilembo zikuluzikulu pa thanki iliyonse, naziika poonekera m'sitolo pa nthawi imene anthu aulemu sankatchula n'komwe kuti kunja kuno kuli chimbudzi.

Anthu ambiri amakhulupirira kuti iye ndiye anatulukira chimbudzi chamadzi ndipo kuti mawu otukwana aja anachokera pa dzina lake. Zonse ziwiri si zoona. Sir John Harington anapanga chake cha m'ma 1590, Alexander Cumming analembetsa paipi yokhota yotsekereza fungo mu 1775, ndipo mawu aja analipo Crapper asanayambe ntchito. Iye anangoona kuti dzina ndi malonda zagwirizana, n'kuzisiya zigwire ntchito. Anaika mapaipi ndi zimbudzi kunyumba ya Sandringham ya mwana wa Mfumukazi Victoria, amene anadzakhala Mfumu Edward VII. Anamwalira mu 1910, ndipo mpaka lero ku Westminster Abbey, kumene amavekera mafumu chisoti, kuli zivundikiro zachitsulo za ngalande zolembedwa dzina lake. Alendo amajambula manda a mafumu, kenaka n'kuwerama kujambula chivundikiro.

* * *

Tsopano kwa inu makolo amene ana anu akugwira ntchito ku Manchester, Leeds ndi Bolton. Kumeneko ndiye kuchimake kwa zigwa zija, ndipo tsiku lina foni idzalira: "Amayi, ndapeza munthu, tikubwera pa Khrisimasi." Mufunse dzina la mkamwini nthawi idakalipo, alembe pa WhatsApp, chilembo ndi chilembo. Likathera ndi "bottom", musaitane abusa kudzapemphera. Ndi mwana wa alimi a nkhosa, wa banja limene linapirira kuitana mayina kwa mibadwomibadwo osathawa, ndipo wotere sangathawe banja chifukwa cha ndiwo zopanda mchere.

Ankhoswe ayambiretu kuyeserera katchulidwe kunyumba, m'mawa ndi madzulo, mpaka athe kulitchula nkhope ili gwa. Malume amene sangathe kudzigwira musawaike kutsogolo pa chinkhoswe. Apatseni ntchito yoyang'anira ndowa ya thobwa kuseri kwa nyumba.